Bokosi la magemu ndi thabwa la bawo: mbiri ya masewera amene adatipeza mochedwa

Mbiri yolembedwa ya Chinguluwe imayamba ndi thonje. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma la Dr Kamuzu Banda, mothandizidwa ndi dziko la West Germany, lidayambitsa ntchito yaikulu yotukula ulimi m'chigwa cha kunyanja m'boma la Salima, ndipo sikimu ya Chinguluwe idabadwira m'ntchito imeneyo. Tchire lidagwetsedwa, minda idapimidwa, mabanja ochokera kosiyanasiyana adapatsidwa malo kuti azilima motsata malangizo a alangizi. Kuyambira 1971 wogula thonje adali ADMARC, ndipo ndalama inkalowa m'nyumba kamodzi pachaka, msika ukatsegulidwa. Mabuku a boma adasunga maekala, mabelo ndi ngongole za mankhwala. Zimene anthu ankachita dzuwa likapendeka, makasu atatsamira khoma, sizinkalowa m'mabukumo.

Madzulo amenewo ndi amene ndikufuna kuwalondola pano, makamaka chifukwa cha chinthu chimodzi chimene chidatipeza mochedwa, chitadzera njira zokhotakhota. Ndi bokosi lamatabwa lofika m'mapewa mwa munthu wamkulu, kumaso kwake kuli sikirini, m'munsi mwa sikiriniyo kandodo koyendetsera ndi mabatani angapo, pomwe anthu awiri amaima phewa ndi phewa n'kumalimbana. Kunja amalitcha arcade. Lero ku America ndi ku Ulaya kuli abambo a imvi amene akukhoma mabokosi otere m'nyumba zawo, n'kuikamo kakompyuta kotsanzira makina akale, kuti akumbuke ubwana wawo. Kwathu kuno nkhani ndi ina. Makina enieniwo sadafike m'midzi yathu pa nthawi yake. Mario, Contra ndi Street Fighter tidawadziwira m'zotsanzira kuyambira tsiku loyamba. Chimene kwa eni ake chili chikumbutso, kwa mwana wa ku Chinguluwe n'chachilendo, ndipo tiyenera kuchiyeza ndi muyeso wathu.

Bokosi lisanabwere kudali thabwa. Kunyanja kuno masewera a bawo ndi akale kuposa sikimu, akale kuposa njanji imene idafika pa Salima mu 1935. Adabwera ndi amalonda a Chiswahili ndi Ayao amene ankayenda pakati pa nyanja yathu ndi gombe la nyanja ya mchere m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene Jumbe adakhazikika ku Nkhotakota, ndipo adapeza eni nthaka akusewera kale nsolo m'maenje okumba pansi. Thabwa la bawo lili ndi mizere 4 ya maenje 8, nkhomo zonse pamodzi ndi 64. Ogwira nkhomo ndi awiri okha, koma aliyense amene adakhalapo pansi pa mtengo wa bawo akudziwa kuti masewerawa ndi a gulu lonse. Wina akuwerenga maenje ndi maso, milomo ikugwedera. Wina walephera kudzigwira, waulula njira, akulu akumukalipira. Wina wangoti duu kudikira kuti wogonja anyamuke, iye akhalepo. Wopambana satuluka, amatsala pampando mpaka atapezeka womugwetsa. Lamulo limeneli mulisunge, chifukwa tikumana nalo kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu.

Ana adali ndi zawo: phada ndi fulaye, chipako, nguli, mpira wachikulunga, magalimoto a mawaya. Onsewa ndi masewera a pabwalo, oti wina akusewera ena akuonerera, akudikira nthawi yawo. Ngakhale zithunzi zoyenda zoyamba zimene alimi ambiri a m'madera ngati ano adaona zidabwera pagulu. Unduna wa zamalimidwe udali ndi magalimoto achikasu ozungulira m'midzi, masana kuonetsa zidole zophunzitsa ulimi, usiku kuonetsa kanema, mudzi wonse utakhala pansi.

Pa nthawi imene alimi a ku Chinguluwe ankaphunzira kupopera thonje, ku California kampani ya Atari idaika makina m'bala ina ya m'tauni ya Sunnyvale. Mudali mu 1972. Gemuyo inkatchedwa Pong, timizere tiwiri tikuponyerana kadontho, basi. Pasanapite nthawi mwini bala adadandaula kuti makinawo afa, ndipo Allan Alcorn, amene adawapanga, atapita kukaona adapeza kuti chotengera ndalama chadzaza mpaka makobidi akukana kulowa. Mu 1978 Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito ku Japan adatulutsa Space Invaders. Ubongo wa makina akewo, Intel 8080, udali wofooka moti adani akachuluka pa sikirini ankayenda mwaulesi, akamachepa n'kuyamba kuthamanga. Nishikado adaona kuti chofookacho chikuwonjezera mantha ndi chikoka, ndiye adachisiya choncho. Mu 1980 Toru Iwatani wa Namco adabweretsa Pac-Man, ndipo chaka chotsatira Shigeru Miyamoto wa Nintendo adapanga Donkey Kong, momwe mudaonekera koyamba kamunthu ka ndevu za pamlomo ndi chipewa kamene pambuyo pake kadatchuka ndi dzina loti Mario.

Zinthu ziwiri za m'zaka zotsatira zili ndi ntchito pa nkhani yathu. Choyamba n'chakuti pakati pa zaka za m'ma 1980 makampani a ku Japan, kudzera m'bungwe lawo la JAMMA, adagwirizana za cholumikizira chimodzi cha mano 56, kuti mwini bokosi azitha kuzula bolodi ya gemu yatha fasho n'kulowetsa ina popanda kugula bokosi latsopano. Kuyambira pamenepo bokosi ndi gemu zidakhala zinthu ziwiri zosiyana, ndipo aliyense wokhoma bokosi lake lero akudya zipatso za mgwirizano umenewo. Chachiwiri ndi Street Fighter II, imene Capcom idatulutsa mu 1991, ya mabatani 6 kwa wosewera aliyense, atatu a zibakera, atatu a mateche. Isanabwere, anthu ambiri ankalimbana ndi makina. Itabwera, munthu ankalimbana ndi mnzake amene waima pambali pake, gulu litawazinga. Wofuna kulowa ankaika kobidi yake pagalasi kusonyeza kuti ndi wotsatira, wogonja n'kupatuka, wopambana n'kutsala. Anyamata a ku Osaka ndi New York adatulukira okha lamulo limene agogo athu ankalidziwa pansi pa mtengo.

Zonsezi zidadutsa Malawi ali duu. Zifukwa zake n'zosabisika. Dziko lino lidakhala lopanda wailesi ya kanema mpaka pa 1 April 1999 pamene TVM idayamba kuwulutsa, pomwe anzathu a ku Zambia ndi Rhodesia adali nayo kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Popanda wailesi ya kanema, ma TV m'nyumba adali osowa, amisiri owakonza nawonso adali osowa. Magetsi adali a m'tauni. Ntchito yowafikitsa kumidzi, MAREP, idayamba mu 1980 ndipo inkayenda pang'onopang'ono. Lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa linkapatsa boma mphamvu pa filimu, buku ndi chimbale chilichonse cholowa m'dziko, ndipo wamalonda wanzeru ankapewa katundu amene angamubweretsere mafunso. Pamwamba pa izo, makina amodzi a arcade ankagulidwa madola oposa chikwi. Ndi matambala angati a ana a alimi a thonje akadabweza ndalama imeneyo?

Akuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kwathu kuno kalumoko kankabwera ndi mwana wa pakhomo pochokera ku Joni. Amuna opita kumigodi kudzera ku WENELA ankabwerako ndi njinga, wailesi, masuti ndi gumbagumba. Ulendowo udaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, udayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, kenako udatsekedwa mu 1988. Ku South Africa ndi kumene makina a arcade adazika mizu m'chigawo chino cha Africa. Ankaima pakhomo pa timasitolo ta pakona za misewu, tambiri ta Agiriki ndi Apwitikizi, ndipo mwana ankaponya kobidi ya masenti 20 kuti asewere. Chitadutsa chaka cha 1994, mayiko onse awiri atasintha maulamuliro, Amalawi adayamba kupita ku Johannesburg pa basi, aliyense payekha, ndipo m'katundu wobwera naye mudayamba kupezeka ma TV, madeki ndi timabokosi ta magemu.

Choyamba kukhazikika m'misika ya kumidzi chidali vidiyo sho. Chipinda chimodzi kapena mpanda wa bango, mabenchi, TV pamwamba pa tebulo, deki, jenereta ikulira kuseri, sipika panja kuti mfuti za Rambo ndi mateche a Bruce Lee ziziitana okha makasitomala, ndi bolodi lolembedwa ndi choko pakhomo. Pambuyo pake kudabwera mafilimu a ku Nigeria, kenako omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a pamsika. Vidiyo sho idaphunzitsa anthu chinthu chimene Atari idaphunzira m'bala ya ku Sunnyvale, chakuti chipangizo chodula chimene munthu mmodzi sangachikwanitse, anthu makumi asanu amachikwanitsa akamaponya pang'onopang'ono.

Magemu enieni adalowera m'thumba. Ambiri amene adakula m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira kabokosi ka pulasitiki ka mabatire awiri, kolembedwa kuti muli magemu 9999, pomwe mudali masewera ochepa obwerezedwa mosinthasintha liwiro. Njerwa zinkagwa kuchokera pamwamba, iwe n'kumazitembenuza kuti zigone bwino. Gemu imeneyo ndi Tetris, imene Alexey Pajitnov adalemba ku Moscow mu 1984, koma dzina lake silidalembedwe paliponse pa kabokosiko. Kenako kudabwera makina olumikiza ku TV, a makatiriji achikasu ndi mfuti ya pulasitiki yoombera abakha. Awa adali otsanzira Famicom, imene Nintendo idatulutsa ku Japan mu 1983. Mafakitale a ku Taiwan ndi China adapanikiza ubongo wake wonse m'kachipangizo kamodzi kotchipa, n'kudzaza nawo misika ya ku Africa, Russia ndi South America, kumene Nintendo yeniyeniyo sinkagulitsa kapena inkadula kwambiri. M'menemo ndi momwe tidakumana ndi Super Mario Bros ya 1985, ndi akasinja oteteza chiwombankhanga, ndi Contra. Contra yomweyo idayamba ngati makina a arcade a kampani ya Konami mu 1987, idachepetsedwa kuti ikwane mu Famicom, kenako idakopedwa ku China, n'kudzafika kwa ife patapita zaka khumi kapena kuposa. Adaputa yake inkatentha mpaka kununkha, ndipo mwana wa pakhomo pokhala ndi TV ankapeza abwenzi ambiri kuposa amene khonde likadatha kusunga.

Za foni ndingodutsa. TNM idayamba mu 1995, Celtel mu 1999, ndipo Nokia 3310 ya chaka cha 2000 idabweretsa njoka yodya timadontho m'manja mwa aliyense wobwereka foni ya amalume ake. Imeneyo idali gemu ya munthu mmodzi. Ya gulu idabwerera ndi PlayStation 2, imene idatuluka chaka chomwecho koma idafika m'misika yathu yogwiritsidwa kale ntchito: TV imodzi, zogwirira ziwiri, mpira kapena Mortal Kombat, kulipira pa gemu iliyonse, anyamata atadzaza chipinda. Tebulo la pulu pakhonde la golosale lidayenda njira yomweyo. Paliponse pamene masewera atsopano adafika, anthu athu adawatulutsa m'chipinda chogona n'kuwaika pabwalo.

Tibwerere kwa eni ake. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 makina a arcade adali akufa. Ana ankasewera kunyumba, malo ochitira masewera ankatsekedwa, mabokosi ankatayidwa kudzala. Mabolodi otsala ankawola mwakachetechete: timatchipi tosunga gemu timaiwala ndi zaka, ndipo mabolodi ena, monga CPS-2 ya Capcom ya 1993, adali ndi batire losunga kiyi wachinsinsi woteteza gemu kwa akuba, moti batirelo likangotha, bolodi yonse inkasanduka chitsulo chopanda ntchito. Pa 5 February 1997 Nicola Salmoria wa ku Italy adatulutsa pulogalamu yotchedwa MAME. Poyamba inkayendetsa magemu owerengeka pa zala, Pac-Man ndi abale ake. Lero ikuyendetsa masauzande, ndipo anthu odzipereka a m'mayiko ambiri akuwonjezerabe. Cholinga chawo chachikulu n'kulemba mwatsatanetsatane mmene makina aliwonse ankagwirira ntchito, asanathe onse; kusewera kumabwera pambuyo. Ntchito imeneyi ndimailemekeza kwambiri. Ife amene tikudziwa mmene zimbale za oimba athu akale zidasowera, ndi mmene matepi amawonongekera m'nyumba zodontha, sitifunika kuuzidwa kufunika kwake.

Mmene pulogalamu yotereyi imagwirira ntchito n'zosavuta kumva. Gemu yakale ndi malangizo olembedwa m'chiyankhulo cha ubongo wa makina ake: Z80 kwa Pac-Man, Motorola 68000 kwa Street Fighter II. Malangizowo amakopedwa kuchokera m'timatchipi ta pa bolodi n'kukhala fayilo, imene amaitcha ROM. Kompyuta ya lero siimva chiyankhulo chimenecho, ndiye pulogalamu yotsanzira imaima pakati monga womasulira pa ulaliki: mbusa wachilendo akayankhula, iye atembenuze nthawi yomweyo, osawonjeza, osachotsa, osachedwa, chifukwa akachedwa mpingo uyankha ameni pa malo olakwika. Imachita zimenezi pafupifupi ka 60 pa sekondi iliyonse, ikutsanzira ubongo, chojambula zithunzi ndi chopanga mawu zonse pamodzi. Yabwino imatsanzira ndi zolakwika zomwe. Pac-Man weniweni amasokonekera pa gawo la 256, theka la sikirini n'kudzaza zilembo zopanda tanthauzo, ndipo pa MAME amasokonekera pomwepo. Gemu yonseyo siikwana makilobayiti 30. Chithunzi chimodzi chojambula pa foni chimaiposa kambirimbiri.

Pamene Raspberry Pi idatuluka ku Britain mu February 2012, kakompyuta kokwana m'chikhatho kogulitsidwa madola 35, ntchitoyi idafika kwa anthu wamba. Mapulogalamu aulere monga RetroPie ndi Batocera amalembedwa pa memore khadi, makina akayaka n'kuonetsa mndandanda wa magemu popanda kiyibodi. Ku China nako mafakitale adatulutsa mabolodi otchedwa Pandora's Box, olowa pa cholumikizira cha JAMMA chija, mutadzaza kale magemu mazanamazana. Kwa ife njira yoyenera kwambiri ndi yachitatu: kompyuta yakale imene ofesi yataya, kapena laputopu yosweka sikirini imene yagona m'shopu ya wokonza mafoni. Kompyuta ya zaka 15 imayendetsa Pac-Man, Street Fighter II ndi Metal Slug popanda kupuma wefuwefu. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse choitanitsa kunja chidakwera mtengo, ndipo mmisiri wodziwa kuukitsa zotayidwa ndi amene ali patsogolo.

Wokhoma bokosi lotere ku Chinguluwe ali ndi adani amene mnzake wa ku London sawadziwa. Woyamba ndi nyengo. Mu October kutentha kwa ku Salima kumadutsa madigiri 35, ndipo kompyuta yotsekeredwa m'bokosi lopanda mpweya imazima yokha. Kumbuyo kufunika mabowo awiri, lina pansi lolowera mpweya, lina pamwamba lotulukira, onse otchingidwa ndi sefa kuti fumbi, mphemvu ndi makoswe zisalowe, ndi kafani kochotsa mu kompyuta ina yakufa. Matabwa a utuchi wopanikiza amene amisiri akunja amakonda amafufuma dzinja likafika. Pulayiwudi, monga amene amapangidwa ku Chikangawa, amapirira, makamaka akapakidwa vanishi mbali zonse. Miyendo isagunde pansi, chifukwa chiswe sichifunsa mtengo wa zimene zili mkati. Ndipo bokosilo likhale lolemera m'munsi. Anyamata awiri olimbana pa Street Fighter amakoka tindodo ndi thupi lonse.

Sikirini ili ndi nkhani yake. Magemu akale adajambulidwa kuti aoneke pa TV yachimbuyo, ya muyeso wa 4 kwa 3, ndipo pa TV yotereyi ndi pamene amakongola. Ma TV amenewa akadalipo ambiri m'midzi, otchipa. Koma amadya magetsi ambiri, ndipo mkati mwake mumayenda mavolti oposa 20,000, mphamvu imene imatha kutsalira ngakhale pulagi itazulidwa. Amene sadaphunzire ntchitoyi asatsegule kumbuyo kwake. Apite nayo kwa wokonza ma TV. Sikirini yopyapyala ya kompyuta ndi yosavuta ndiponso yosadya moto, bola chithunzi chisakokedwe kuti chidzaze m'mbali, chifukwa anthu a mu gemu amaoneka ofufuma. Ma TV ena atsopano otchipa amachedwetsa chithunzi pang'ono, ndipo wosewera amamva m'manja kuti chibakera chikutuluka mochedwa. Mfuti ya abakha ija siigwira ntchito pa sikirini yopyapyala, chifukwa inkadalira mmene TV yachimbuyo imawalira. Kandodo koyendetsera, kumbali yake, n'kophweka: timaswitchi tinayi tozungulira chitsulo chimodzi. Mawaya ake ndi a mabatani amapita ku kabolodi kakang'ono kolowa pa USB, ndipo pakasowa kameneko, mmisiri wodziwa kuwotcherera amatsegula kiyibodi yakale kapena chogwirira cha gemu n'kulumikiza momwemo.

Mdani wamkulu ndi magetsi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse m'Malawi ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi sizinkakwana 5. Boma la Salima lili ndi munda waukulu wa sola wa mamegawati 60 pafupi ndi Nanjoka, umene kampani ya JCM Power idamanga n'kutsegulidwa mu 2021, koma mphamvu yake imalowa m'nthambo za dziko lonse, ndipo nyumba imene nthambo sizidafike imangouona ndi maso. Ngakhale kumene zidafika, tonse tikukumbukira mdima umene udatsatira namondwe Ana mu January 2022, ataononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Kuzima kwadzidzidzi kumaononga memore khadi, ndipo magetsi obwerera mwamphamvu amawotcha bolodi. N'chifukwa chake bokosi la kwathu liyenera kumangidwa pa batire kuyambira pachiyambi. Kakompyuta kakang'ono, sikirini yopyapyala ndi sipika zonse pamodzi zimadya mawati pafupifupi 40. Maola asanu a madzulo ndi mawati-ola 200, ndipo sola ya mawati 100 pa denga, ndi batire labwino la mavolti 12, zimakwanitsa zimenezo pa dzuwa la kunyanja.

Chotengera makobidi, chimene chidali mtima wa malonda a arcade, kwathu chilibe ntchito, popeza ndalama zachitsulo sizigulanso kanthu. Pa MAME, kudina nambala 5 pa kiyibodi n'chimodzimodzi kuponya kobidi. Mwini bokosi angathe kulumikiza batani limenelo kumbali yake, kulandira ndalama yapepala m'manja n'kudina, kapena kugwiritsa ntchito matokeni monga a pa tebulo la pulu.

Pali nkhani ya umwini imene ambiri amailumpha, ndipo sindiilumpha. Pulogalamu ya MAME ndi yaulere, koma magemu ali ndi eni ake. Pac-Man akadali wa Bandai Namco, Mario wa Nintendo, Street Fighter wa Capcom, ndipo bolodi yodzaza magemu mazanamazana yogulidwa motchipa kawirikawiri ilibe chilolezo cha aliyense wa iwo. Malawi ali ndi lamulo la 2016 loteteza umwini wa zaluso, ndi bungwe la COSOMA limene lakhala likugwira ntchito kuyambira 1992. Oimba athu akhala akulira zaka zambiri ndi anthu okopera nyimbo zawo m'mafulashi pamsika. Sitingawamvere chisoni iwo n'kumanena kuti za ku Japan zilibe mwini. Komanso ndi zoona kuti makampani amenewa sadatsegulepo khomo loti mwana wa mlimi wa thonje alowerepo mwachilungamo, ndipo popanda okopa a ku Taiwan m'badwo wonse sukadamudziwa Mario. Zonse ziwiri n'zoona. Njira zoyera zilipo: eni magemu ena akale adalola kuti aseweredwe mwaulere kunyumba, makampani ena amagulitsa okha mitolo ya magemu awo akale, ndipo pali anthu amene akulemba magemu atsopano m'kalembedwe kakale n'kuwapereka kwaulere. Wofuna kuchita malonda ndi bokosi lake ayambire kumeneko.

Chimene chimandiwawa n'chakuti malo amene bokosi la masewera likadaima atengedwa ndi juga. Kandege kobetchera kali m'foni ya mnyamata wa kabaza ndi ya mphunzitsi yemwe, ndipo ndalama ya thonje ya chaka chonse ingathe kuuluka madzulo amodzi. Boma lidakhazikitsa lamulo latsopano mu 2022, ndi bungwe la MAGLA loyang'anira juga, ndipo ana osakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Makolo ambiri akaona sikirini ndi mabatani amaika zonse m'thumba limodzi. N'zosiyana. Makina a juga amalonjeza kubweza ndalama ndipo luso la munthu silisintha kanthu pa mapeto ake. Bokosi la arcade silibweza tambala. Limagulitsa mphindi zochepa za mpikisano, ndipo amene waphunzira kwambiri ndi amene amakhalitsa. Komabe nalo lili ndi ngozi zimene tidaziona kale pa vidiyo sho: mwana kuthawa sukulu, kutola ndalama ya ndiwo, kubwera kunyumba usiku. Mwini bokosi amene amatsegula nthawi ya sukulu, kapena kulola kubetcherana pa gemu, akudziitanira mafumu ndi makolo, ndipo adzakhala atalakwa ndi iye. Atsikana nawo apatsidwe malo. Pansi pa mtengo wa bawo sadawapeze, m'chipinda cha PlayStation sadawapeze, ndipo Iwatani adapanga Pac-Man dala kuti akazi azilowa m'malo amene adali a amuna okhaokha.

Luso lonse lofunika lili m'dziko lomwe lino. Ku Salima Technical College achinyamata amaphunzira ntchito zamanja, m'misika muli akalipentala, owotcherera, okonza mawailesi ndi oika masola, ndipo ku Lilongwe malo ngati mHub akhala akuphunzitsa ana kulemba mapulogalamu a kompyuta. Chimene sichidachitike mokwanira n'kuwakumanitsa pa ntchito imodzi. Kwa zaka 30 takhala tikulandira magemu a eni, okopedwa kawiri kapena katatu asanatipeze. Inu ophunzira za makompyuta ku MUST, MUBAS ndi UNIMA, lembani bawo wa malamulo a kwathu, wa anthu awiri, woyenda pa kompyuta yakale popanda intaneti, ndipo muupereke kwaulere. Inu akalipentala a ku Chinguluwe, khomani bokosi lake, mulipatse mpweya ndi miyendo, ndipo muliike pakhonde pamene agogo odziwa kutakata angathe kufika n'kugwetsa adzukulu awo.